Kodi reel yodula ndiyo imakola nsomba?

Funso limene ndikulandira kawirikawiri masiku ano likuchokera kwa anyamata athu amene akugwira ntchito ku Joni, komanso ena amene amapitapita ku Chipata. Aona anzawo akuwedza nsomba zikuluzikulu zotchedwa carp, ataimika ndodo ziwiri kapena zitatu pachitsulo, iliyonse ili ndi reel yonyezimira, ndiye mtima wawo wadyokoka. "Achimwene, kodi nditaye yanga yakaleyi, ndigule yodula ija?" Ine ntchito yanga ndi ya nsomba. Ndimalangiza alimi a maiwe kuno ku Mchinji, ndimawedza, ndipo ma reel a anzanga akafa amabwera nawo kwa ine kuti ndiwamasule. Ndaona m'mimba mwa yotchipa ndi mwa yodula momwe.

Yankho langa ndi ili. Mukachoka pa reel yotchipitsitsa ya pulasitiki n'kugula yapakatikati yolimba, ndalama yanu yagwira ntchito. Mukachoka pa yapakatikati n'kukwera kufika pa ija yoti mtengo wake ungagule matumba angapo a feteleza, ambiri a inu simudzaona kusintha kulikonse pa nsomba zobwera nazo kunyumba. Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyambe ndi ntchito yeniyeni ya kachipangizoka.

Reel imasunga chingwe, imachimasula mukamaponya, ndipo imachikulunga mukamabweza. Izi ngakhale yotchipa imachita. Ntchito yake yaikulu, imene anthu ambiri saiganizira pogula, ndiyo kulola nsomba kuthawa ndi chingwe pang'onopang'ono kuti chisaduke. Mbali imene imachita zimenezi imatchedwa drag. Mukamasula kachitsekero ka pamwamba pa spool, pamene pamakulungika chingwe paja, mupeza timawashala tosanjikizana, tina tachitsulo, tina tansalu yokhuthala kapena takaboni. Mukamanga kachitsekeroko timawashalati timapanikizana, ndipo nsomba imavutika kukoka chingwe. Mukamasula, chingwe chimatuluka mosavuta. Drag ili ngati buleki wa njinga ya kabaza pamtsetse: wabwino amagwira mofewa mpaka njinga kuima bwinobwino, woipa amangoti gwi! kenaka n'kutaya, okwera n'kugwa.

Carp ndi nsomba yamphamvu. Ikamva mbedza imathamanga mwadzidzidzi, ndipo ikafika pafupi ndi gombe, inu mukuti yatopa, imatembenuka n'kuthamanganso. Pa nthawi imeneyo drag ikakanirira ngakhale kwa kamphindi, chingwe chimaduka kapena mbedza imang'amba mlomo wa nsomba. Nsomba zazikulu zambiri zimene ndaona zikupulumuka zapulumukira pomwepa, pafupi ndi mapazi a mwini mbedza. Choncho mukakhala m'sitolo musayambe ndi kuyang'ana utoto. Mangani drag pang'ono, gwirani spool, muizungulize ndi dzanja. Ngati ikuyenda mosalala, mphamvu yake ili yofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, imeneyo ndi reel. Ngati ikuyenda modukiza, kugwira ndi kutaya, ibwezeni pashelefu ngakhale ikhale yokongola chotani.

Kunyumba mungathe kuitchera bwino popanda sikelo. Tiyerekeze kuti chingwe chanu ndi cha 0.35 mm, chimene chimaduka pa makilogalamu 6 kapena 7. Drag iyenera kuyamba kutaya pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imeneyo, ndiye kuti pafupifupi makilogalamu 2. Dzazani madzi m'botolo la malita 2, mumange kunsonga kwa chingwe chochokera pa reel, munyamule pang'onopang'ono. Botolo likangoti lidzuke pansi, chingwe chiyambe kutuluka chokha, mwakachetechete, mosadumpha. Reel yapakatikati yabwino imapambana mayeso amenewa mofanana ndi yodula.

Chachiwiri choyang'ana ndi kakulungidwe ka chingwe. Reel yabwino imayala chingwe mofanana pa spool yonse. Yoipa imachiunjika mbali imodzi, ndiye mukaponya chimatuluka chambiri nthawi imodzi n'kupiringizana, inu n'kumataya nthawi mukumasula mfundo dzuwa likukwera. Onaninso kagudumu kakang'ono kamene chingwe chimadutsapo polowa. Kakakhala kouma, kosazungulira, kamapota chingwe ndi kuchidya. Chachitatu ndi magiya. M'zotchipitsitsa magiya ake ndi a chitsulo chofewa, ndipo ndikazimasula ndimapeza mano ataphwanyika, tizidutswa tawo titasakanikirana ndi girisi. Apa m'pamene ndalama yowonjezera imaonekera: thupi losapindika nsomba ikakoka, magiya olimba, ndi zipangizo zoti zikatha mungapeze zina.

Chenjerani ndi manambala a pabokosi. Ogulitsa amakonda kulembapo kuti muli mabering'i 12 kapena 14, ndipo ogula amayesa kuti kuchuluka ndiye ubwino. Mabering'i anayi kapena asanu a chitsulo chosachita dzimbiri amaposa khumi ndi awiri amene amayamba kulira akangonyowa kamodzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziwaninso kuti mayina odziwika ngati Shimano, Daiwa, Okuma ndi Penn amalembedwanso pa katundu wachinyengo, choncho mtengo ukatsika modabwitsa, funsani kawiri.

Nanga yodula kwambiri ija ili ndi chiyani chimene yapakatikati ilibe? Ndi yopepuka, yotsekedwa bwino kuti madzi ndi fumbi zisalowe, ndipo ina ili ndi spool yaitali, yotakata, yothandiza kuponya kupitirira mamita 100. Zonsezi ndi zenizeni, sindikuzinyoza. Koma zinapangidwira munthu amene amawedza sabata ndi sabata m'madamu otambalala ngati Vaal ndi Hartbeespoort ku South Africa, kumene nsomba zimatha kukhala kutali ndi gombe, kapena amene amalowa mipikisano. Palinso kachogwirira kamene kamamasula spool kuti nsomba ikatenga nyambo ithawe ndi chingwe popanda kugwetsera ndodo m'madzi. Kampani ya Shimano inakatchukitsa ndi dzina loti Baitrunner. Ndi kothandiza kwa amene amatchera ndodo zingapo n'kugona pagombe usiku, koma masiku ano kamapezeka ngakhale pa ma reel a mtengo wapakatikati.

Mbiri ya kuwedza carp ikutiphunzitsa kuti reel yodula sindiyo imakola nsomba. Mu 1952, pa dziwe la Redmire ku England, Richard Walker anakola carp ya makilogalamu pafupifupi 20, imene inakhala yaikulu kuposa zonse zogwidwa ndi mbedza m'dzikomo kwa zaka zambiri. Ndodo yake inali yansungwi. Mu 1980, pa dziwe lomwelo, Chris Yates anakola ina ya makilogalamu 23, nayenso ndi ndodo yansungwi ndi reel yachikale, nyambo yake chimanga. Zipangizo zimene anthu awiriwa anagwiritsa ntchito zikuchepa kutali poyerekeza ndi reel yapakatikati ya lero. Chimene anali nacho ndicho kudziwa madzi awo ndi kupirira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Carp imadya pansi. Ili ndi tindevu tinayi pakamwa, imafukula matope, imayamwa chakudya n'kuchilavula ikachikayikira, ndipo mano ake ali kummero. Choncho chimene chimaikola ndi chimene chili kunsonga kwa chingwe: mbedza yakuthwa, mfundo yomangidwa bwino, nyambo yoikidwa pamalo pamene nsombayo imadyera. Abale athu ku Joni aona kawedzedwe kotchedwa papgooi, komwe amaumba mpira wa phala louma la chimanga kuzungulira mtovu, mbedza zili m'mbali. Mpirawo ukasungunuka pansi pa madzi umaitana nsomba. Munthu woleredwa ndi nsima ndi gaga sangavutike kuphunzira luso limeneli, ndipo phindu lake ndi lalikulu kuposa la reel iliyonse. Chingwe nacho chimafa ndi dzuwa. Reel yodula yokhala ndi chingwe cha zaka zitatu, chouma ndi chokalipa, idzakutayitsani nsomba imene reel yawamba ya chingwe chatsopano ikanaitulutsa.

Tsopano ndinene zimene zikundikhudza kwambiri monga mlangizi wa m'boma la m'malire. Kuno ku Malawi carp si nsomba yololedwa kuweta. Inabwera mu 1976 kuchokera ku Israel, inayesedwa ku Domasi ndi ku Kasinthula, ndipo alimi a kummwera anaikonda chifukwa imakula msanga. Mu 1992 boma linailetsa poopa kuti ingalowe m'nyanja ya Malawi. Mpaka lero alimi ena akupempha kuti chiletsocho chichotsedwe, ndipo ndimawamvetsa, pakuti makumba athu amachedwa kukula. Koma ku Zambia carp imawetedwa, ndipo kuchoka pa Mchinji kudutsa pa Mwami kukafika ku Chipata ndi ulendo waufupi. Chiyeso chonyamula tiana ta nsomba m'chigubu n'kudzaponya m'dziwe kapena m'damu la pa esiteti n'chachikulu, makamaka kwa munthu amene wagula zida zodula ndipo akusowa pozigwiritsa ntchito.

Ndikupemphani, musachite zimenezo. Madzi a kuno, a Rusa ndi timitsinje tina tambiri, amathera mu Bua, ndipo Bua amatsika mpaka kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Dziwe likasefukira m'mwezi wa Febuluwale, nsomba ya ku Kamwendo kapena ku Mkanda yapeza njira ya kunyanja. Kumeneko chambo chimakumba zisa zake pamchenga, m'madzi oyera, pamene carp ntchito yake n'kuvundula pansi ndi kuzula zomera. M'mayiko ngati Australia, kumene inafalikira m'mitsinje, akhala akulimbana nayo kwa zaka zambiri osaigonjetsa. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, ndipo nsomba yachilendo ikalowamo palibe khoka limene lingaichotse. Ngati chiletso chidzasinthe, asinthe ndi a Dipatimenti ya za Nsomba pambuyo pa kafukufuku, osati munthu mmodzi ndi chigubu chake usiku.

Ife a ku Mchinji sitifunika kuuzidwa kuti madzi amanyamula mavuto. Mu 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anapezeka koyamba m'dziko muno m'boma lathu lomwe lino. Tinaona milamba ndi matemba zili ndi mabala ofiira, usodzi unaimitsidwa m'madera okhudzidwa, ndipo alimi analetsedwa kusamutsa nsomba zamoyo. Tizilombo toyambitsa matenda otere timayendanso pa zida zonyowa. Mukawedza ku Zambia kapena ku Joni, tsukani ukonde wotulutsira nsomba, nsapato ndi zidebe, muziumitse padzuwa zisanakhudze madzi a kwathu.

Ndiye wowedza wa ku Mchinji agule chiyani? Nsomba zathu ndi makumba, chilunguni, matemba ndi mlamba. Pa makumba ndi chilunguni, nsungwi yowongoka, chingwe chopyapyala ndi nyongolotsi zimakwanira, monga momwe zakhalira kuyambira kale. Mlamba wamkulu wa m'damu kapena wa m'maiwe akuya a Bua ndiye amafuna reel, chifukwa amakoka mwamphamvu ndipo amathawira m'bango. Pa iyeyu, reel ya saizi 4000 mpaka 6000, ya drag yosalala, yonyamula mamita 150 kapena 200 a chingwe cha 0.35 mm, ndi yokwanira. Yomweyo mungapite nayo kutchuthi ku Joni kukakola carp, ndiponso kumunsi kwa Bua, m'nkhalango ya Nkhotakota, kumene anthu amawedza mpasa ndi chilolezo. Mpasa ndi wa banja limodzi ndi carp, monganso ntchila, kadyakolo, matemba ndi usipa, ndipo amene anamukolapo amadziwa kuti mphamvu zake si zamasewera.

Mukagula, isamaleni, pakuti ma reel ambiri amene amafika pathebulo langa sanafe ndi ukalamba koma ndi mchenga. Musaigoneke pansi. Musaiviike m'madzi poitsuka. Ipukuteni ndi kansalu konyowa. Mukaweruka masulani drag yonse kuti timawashala tisaphwatalale. Donthezerani kadontho ka mafuta a makina osokera pa kagudumu ka chingwe ndi pa chogwirira, ndipo kamodzi pachaka, mvula isanayambe, itsegulidwe, ichotsedwe girisi wakale, ipakidwe watsopano wochepa. Musaisiye pawindo la galimoto kapena padenga pamene dzuwa la Okutobala lingaphike chingwe.

Ngati reel yanu ikugwira ndi kutaya, ikulira, kapena ikupota chingwe ngakhale mwaikonza, gulani ina, ndipo musaumire mpaka kugulanso yotchipitsitsa imene mudzaitaye nyengo isanathe. Ngati ikuyenda bwino ndipo yapambana mayeso a botolo, isungeni. Ndalama imene mukanawonjezera igawireni chingwe chatsopano chaka chilichonse, mbedza zakuthwa, ukonde wabwino wotulutsira nsomba, ndi thiransipoti yoti muzifika kumadzi kawirikawiri. Amene amapita kumadzi pafupipafupi amadziwa pamene nsomba zimadyera m'mawa ndi pamene zimabisala masana, ndipo ameneyo ndiye amabwerako ndi ndiwo.