Ng'ombe pamsewu, kadontho pamphumi: mafunso a ana athu akafika ku India

Mwana wobadwira ku Makanjira kapena ku Chipoka amakula akudziwa kuti ng'ombe ili ndi mwini wake, imagona m'khola, ndipo ikalowa m'munda mwa eni ndi mlandu wa kwa amfumu. Mwana yemweyo akakwera ndege pabwalo la Kamuzu, n'kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, n'kukatera ku Delhi kukayamba maphunziro a ukachenjede, chimene chimamuimitsa mutu msanga si nyumba zosanjikizana ayi. Ndi ng'ombe yogona phee pakati pa msewu, galimoto zikuilambalala, popanda woikusa ngakhale woikwapula. Amaijambula n'kutumiza kumudzi pa WhatsApp, pansi pake n'kulemba funso: kodi anthu akuno amapembedza ng'ombe?

Funsoli limapeza makolo ambiri alibe choyankha, ndipo si mlandu wawo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda lidalamula amalonda achimwenye kuti atseke masitolo awo a kumidzi ndi kukakhala m'mizinda ikuluikulu, kotero kuti ana a kunyanja akula akuwaonera patali, kuseri kwa kauntala ku Limbe kapena ku Lilongwe. Amwenye amene timawadziwa bwino ndi aja timaima nawo mzere umodzi pa Swala, ndipo ambiri a ife tidakula tikuyesa kuti mmwenye aliyense ndi Msilamu. Koma kalembera wa ku India wa 2011 adapeza kuti anthu pafupifupi 80 mwa 100 alionse kumeneko ndi Ahindu, pamene Asilamu ndi 14 mwa 100 alionse. Wophunzira wathu, kaya akulipiriridwa ndi makolo kaya wapeza thandizo la Indian Council for Cultural Relations (bungwe limene adaliyambitsa mu 1950 Maulana Abul Kalam Azad, Msilamu wophunzira kwambiri amene adali nduna yoyamba ya maphunziro ya dzikolo), adzagona chipinda chimodzi, kudya ndi kulemba mayeso pamodzi ndi Ahindu kwa zaka zitatu kapena zinayi.

Tiyambe ndi ng'ombe ija. Mhindu sanena kuti ng'ombe ndiyo idalenga kumwamba ndi dziko lapansi. Amaitcha mayi, chifukwa imadyetsa anthu mkaka, ndipo mkaka, chambiko ndi mafuta a mkaka otchedwa ghee sizisowa m'chakudya chawo ndi pamapemphero awo. Ife timakana nkhumba poiyesa yodetsedwa. Iwo amakana nyama ya ng'ombe poiyesa yolemekezeka. Zambiri mwa zimene zimayendayenda mumsewu ndi zokalamba kapena zamphongo zimene eni ake adangozitaya, popeza zidaleka kupindulitsa ndipo sangazigulitse kwa opha nyama. Gawo 48 la malamulo aakulu a dzikolo limalimbikitsa zigawo kuletsa kupha ng'ombe, ndipo zigawo zambiri, monga Uttar Pradesh ndi Gujarat, zili ndi malamulo okhwima pa zimenezi, pamene ku Kerala nyama ya ng'ombe imagulitsidwa poyera.

Apa makolo asaseke. Mu September 2015, m'mudzi wina pafupi ndi Dadri ku Uttar Pradesh, gulu la anthu lidapha bambo wina wachisilamu chifukwa cha mphekesera yoti m'nyumba mwake mudali nyama ya ng'ombe. Mwana wanu asanyamuke osadziwa kuti nthabwala ya nyama ya ng'ombe, imene kuno siingapse nayo mtima munthu, kumeneko ikhoza kuutsa moto.

Funso lachiwiri limachokera m'mimba. Mwana woleredwa ndi usipa, utaka ndi chambo amadabwa kupeza kuti kumalo ena odyera ophunzira sabata imatha osaona nsomba kapena nyama. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center wa 2021 adapeza kuti Ahindu 44 mwa 100 alionse sadya nyama, ndipo kwa ambiri mwa iwo dzira nalo limawerengedwa kuti ndi nyama. Muzu wake ndi chiphunzitso cha ahimsa, chokana kupweteka chamoyo. Ndiwo ya tsiku ndi tsiku ndi dal, msuzi wa nyemba zosiyanasiyana, ndipo wina mwa dal ameneyu ndi nandolo yemweyu amene alimi a ku Machinga ndi Balaka amagulitsa kwa amalonda otumiza ku India. Pali ubwino wake kwa Msilamu: zakudya zam'mapaketi zimakhala ndi kadontho kobiriwira ngati mulibe nyama, choncho funso la kazingidwe silibuka. Limabuka pa nyama ya mbuzi ndi nkhuku, chifukwa pambali pa mabutchala a halaal pali ena a jhatka, amene amadula khosi la nyama kamodzi n'kamodzi popanda kuzinga monga mwa Chisilamu. Kufunsa n'kofunika, ndipo ogulitsa adazolowera kufunsidwa.

Koma funso limene limamulemera kwambiri mwana amene adadutsa ku madrasa ndi la zifaniziro. Amaziona paliponse: pakhomo la sitolo, m'galimoto pafupi ndi chiongolero, pansi pa mtengo, ngakhale pashelefu ya mnzake wogona naye chipinda chimodzi. China chili ndi mutu wa njovu, ameneyo ndi Ganesha, amene amamupempha poyamba ntchito yatsopano kapena mayeso. China chili ndi nkhope ya nyani, ameneyo ndi Hanuman. Mkazi woima pa duwa ndi Lakshmi, amene amamugwirizanitsa ndi chuma. Ndiye mwana amafunsa: kodi milungu yawo ilipo ingati?

Funso limeneli lidamuvutitsanso Msilamu wina zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Abu Rayhan al-Biruni, amene adabadwa mu 973 ku Khwarazm, m'dera la Uzbekistan wa lero, adafika kumpoto kwa India m'nthawi ya Sultan Mahmud wa ku Ghazni, amene asilikali ake ankagumula akachisi a Ahindu. Al-Biruni adatenga njira ina. Adaphunzira Sanskrit, chilankhulo cha mabuku awo, adakhala pansi ndi akatswiri awo, ndipo cha m'ma 1030 adamaliza buku lodziwika ndi dzina loti Kitab al-Hind. M'bukumo adafotokoza kuti Ahindu ophunzira amakhulupirira mwa Mulungu mmodzi wopanda chiyambi ndi mapeto, ndi kuti zifaniziro zimagwiritsidwa ntchito makamaka ndi anthu wamba amene maganizo awo amafuna chinthu chooneka. Sadasiye Chisilamu chake, ndipo sadabise zimene sadagwirizane nazo. Chimene adakana ndi kuwanamizira zimene sanena.

Mhindu wa lero wowerenga mabuku a Upanishad angayankhe mofananako: kuti pali chenicheni chimodzi chotchedwa Brahman, ndipo Vishnu, Shiva, Devi ndi enawo ndi nkhope zake zosiyanasiyana. Wina angati Vishnu ndiye wamkulu pa onse, wina angati Shiva, ndipo agogo akumudzi mwina sadaganizepo n'komwe za mkangano umenewu. Chihindu chilibe mtumiki mmodzi amene adachiyambitsa, chilibe buku limodzi lolamula onse, ngakhale ma Veda anayi amalemekezedwa ndipo Bhagavad Gita, ya ndime 700, ndiyo imawerengedwa kwambiri. N'chifukwa chake wophunzira akafunsa anzake atatu amalandira mayankho atatu, n'kumayesa kuti akumupusitsa. Sakumupusitsa.

Kwa Msilamu nkhani ya Tauhid ndi yomveka bwino, ndipo kufotokoza konseku sikuisuntha: kupembedza kudzera m'chifaniziro sikuloledwa. Komanso Qur'an yomweyo, mu Surah Al-An'am ndime 108, imaletsa kutukwana zimene ena amapembedza, kuopa kuti nawonso angatukwane Allah mwa umbuli. Mwana wogona chipinda chimodzi ndi Mhindu amayenera kunyamula ziwirizi pamodzi m'mawa uliwonse, mnzakeyo akamayatsa kanyale ndi lubani patsogolo pa shelefu yake.

Mayeso enieni amabwera m'dzanja. Mnzake akabwera kuchokera kukachisi amagawira onse timaswiti kapena zipatso zotchedwa prasad, chakudya chimene chayamba chaperekedwa patsogolo pa chifaniziro. Kwa iye kugawa kumeneku ndi chikondi. Masheikh ambiri amalangiza kuchipewa chakudya chotere, ndipo amachisiyanitsa ndi maswiti wamba a kusitolo amene aneba amapatsana ngati mphatso. Wophunzira angachite bwino kukambirana zimenezi ndi Sheikh wake asananyamuke, kuti akadzakana adzakane ndi nkhope yowala ndi mawu aulemu. Anthu amene ali ndi zakudya zawozawo zimene sadya samva zachilendo munthu akati chipembedzo changa sichindilola.

Zina zimene zimadodometsa masiku oyamba zimatha zokha. Kadontho kapamphumi pa akazi ndi bindi, ndipo kwa atsikana ambiri a m'tauni ndi chokongoletsera chabe. Utoto wofiira pamzere wogawa tsitsi, sindoor, ndiwo umasonyeza kuti mayi ali pabanja. Chizindikiro cha swastika pazitseko chilibe chochita ndi Hitler, n'chakalekale ndipo kwa iwo chimaimira mwayi. Mwana akaona mnzake akugwira mapazi a bambo ake kapena a mphunzitsi, akumbukire m'mene mtsikana wa kwathu amagwadira popereka madzi kwa akuluakulu. Ndipo pali zambiri zimene sadzafunika kuphunzitsidwa: kuvula nsapato polowa pamalo opempherera ndi m'nyumba zambiri, kudya ndi dzanja lamanja, kudziyeretsa ndi madzi pochoka kuchimbudzi. Pa chikondwerero cha Holi, cha m'ma March, pamene anthu amathirana utoto, asamale ndi chakumwa cha mkaka chotchedwa thandai, chifukwa ena amathiramo bhang, chimene ndi chamba.

Imfa ndiyo imasiyanitsa kwambiri. Ife timasambitsa, kuveka sanda, kuswalira janaza ndi kuika m'manda mwamsanga, tikuyembekezera tsiku la chiweruzo. Ahindu ambiri amatentha mtembo, ndipo mwa mwambo mwana wamwamuna wamkulu ndiye amayatsa moto. Olira amavala zoyera. Phulusa amakalitaya mumtsinje, makamaka wa Ganges, ndipo ku Varanasi, pamalo otchedwa Manikarnika Ghat, moto wotentha mitembo suzima usana ndi usiku. Mwana wathu amachiona ngati nkhanza. Iwo amakhulupirira kuti mzimu, atman, sufa koma umabadwanso m'thupi lina molingana ndi ntchito zake, zimene amazitcha karma, kufikira utamasulidwa ku kubadwabadwa kumeneku, ndipo kumasukako ndi moksha. Kwa iwo motowo ndi ntchito yomaliza ya ulemu imene mwana amachitira kholo lake. Mnzake wa m'kalasi akabwerera ku koleji ali wometa mpala patatha masabata awiri, chofunika ndi kumupepesa monga tipepesera aliyense woferedwa.

Pali funso lina limene wophunzira salifunsa msanga chifukwa chinthucho sichioneka ndi maso a mlendo. Amangozindikira pang'onopang'ono kuti anzake amatchera khutu ku dzina la makolo la munthu, ndi kuti ukwati umakambidwa ndi mawu amene iye sakuwamva. Ameneyo ndi magulu obadwa nawo. Mabuku akale amatchula anayi: Brahmin, Kshatriya, Vaishya ndi Shudra, koma m'moyo weniweni muli timagulu tambirimbiri totchedwa jati, ndipo pansi pa onse padaikidwa anthu amene kale ankayesedwa osayenera kukhudzidwa, amene lero amadzitcha Dalit. Gawo 17 la malamulo aakulu a 1950 lidathetsa mchitidwe wosalawu, ndipo amene adatsogolera komiti yolemba malamulowo, B. R. Ambedkar, adali Dalit iye mwini. Komabe tsankho silidathe, makamaka kumidzi. Tisafulumire kuloza chala: pakati pa Asilamu a ku India nawonso pali kusiyanitsa a mabanja apamwamba, ashraf, ndi otsika, ngakhale Chisilamu sichiphunzitsa zimenezo. Wophunzira wachikuda naye adzalawako tsankho la khungu, pofuna nyumba ya lendi kapena poyenda mumsika, ndipo silidzachokera kwa a chipembedzo chimodzi chokha.

Za kusamvana kwa Ahindu ndi Asilamu adzazimva ndithu. Mzikiti wa Babri ku Ayodhya udagumulidwa pa 6 December 1992, ndipo pamalopo padatsegulidwa kachisi wa Rama mu January 2024. Bala limeneli silidapole. Mlendo wodzaphunzira alibe chopindula polowerera mikangano ya ndale za eni dziko. Koma adzaonanso Jama Masjid ya ku Delhi, imene Shah Jahan adaimaliza mu 1656, itadzaza pa Ijumaa, ndipo adzapeza Ahindu ambiri amene amadziwa nthawi ya kufutulu kuposa m'mene ankayembekezera.

Pakatha miyezi ingapo mafunso amatembenuka. Mnzake uja, amene naye amasala pa Ekadashi kawiri pamwezi koma akudya zipatso ndi kumwa mkaka, amadzidzimuka kuona kuti m'Ramadhan ngakhale madzi saloledwa, m'dziko limene kutentha kumapyola madigiri 40. Amafuna kudziwa chifukwa chake mkeka wa Swala umaloza kumadzulo, pamene mwana wathu kwawo adazolowera kuloza chakumpoto. Amafunsa ngati ku Malawi kuli kachisi wa Ahindu, ndipo yankho ndi lakuti alipo, ku Blantyre, ngakhale ana ambiri a ku Mangochi adutsapo pa minibasi osadziwa kuti nyumbayo ndi yachiyani.