Linga la São Sebastião pa Chilumba cha Mozambique

Inu amene mukhala m'Kabwe muno mwina mudzadabwa kuti nkhani ya lero ndi ya linga la m'mbali mwa nyanja ya mchere, pamene ambiri a ife madzi aakulu amene tinawaonapo ndi a m'damu la Mulungushi. Komabe tengani mapu anu, mutsate madziwo ndi chala. Alowa mu Lunsemfwa, kenaka mu Luangwa, natsikira mu Zambezi pamalo amene kale ankatchedwa Feira, napitirira Tete kufikira ku Nyanja ya India. Pamenepo tembenukirani kumpoto motsata gombe. Mudzapeza kachilumba kotchedwa Mozambique, kotalika makilomita atatu okha, kamene dzina lake linadzakhala la dziko lonse lija. Kunsonga ya kumpoto kwa kachilumbako kwaima linga la São Sebastião.

Vasco da Gama atafika kumeneko m'chaka cha 1498 anapeza amalonda Achiswahili ndi Aluya atakhazikika kale. Apwitikizi analisirira dooko lake, popeza zombo zopita ku India zinkasowa poima poyembekezera mphepo yozikankha. M'chaka cha 1507 anamangapo kalinga kakang'ono, ndipo mu 1558 anayamba linga lalikulu limene tikunenali. Ntchitoyo inatenga zaka zoposa 50.

Tsono chilumbachi chili ndi vuto limodzi lalikulu: chilibe mtsinje kapena kasupe wa madzi abwino. Msilikali angakhale ndi mizinga ndi onga wochuluka, koma ludzu likamgwira adzatsegula yekha chipata. Omanga aja anadziwa zimenezi. Madenga a nyumba za m'kati mwa linga anawamanga athyathyathya, ndi ngalande zotsogolera madzi a mvula kunka m'zitsime zazikulu zowaka ndi miyala. Monga mlimi asunga chimanga m'nkhokwe kuti chimfikitse ku masika ena, iwo ankakolola mvula ya dzinja ndi kumwa chilimwe chonse. Kwa ine, nzeru ya lingali yagona pamenepa koposa pa makoma ake.

Nzeruyo inayesedwa linga lisanathe n'komwe. Mu 1607 zombo za Adatchi, motsogozedwa ndi Paulus van Caerden, zinalizinga kwa masabata angapo. Mkulu wa linga, Estêvão de Ataíde, anali ndi asilikali ochepa, koma anakana kugonja. Adatchi anatentha mudzi wa pachilumbapo nachoka. Chaka chotsatira anabweranso ndi Pieter Verhoeven, ndipo analepheranso. Cha m'ma 1670 Aluya a ku Oman nawonso anafunkha mudziwo, koma m'linga sanalowe. Yerekezani ndi Fort Jesus ya ku Mombasa, imene Aluya omwewo anailanda mu 1698 ataizinga kwa zaka pafupifupi zitatu.

Funso limene ndifuna kuti mulisinkhesinkhe ndi ili: kodi pa kachilumba kopanda ndi madzi omwe panali chuma chanji choti anthu achoke ku Ulaya kudzachifera? Mizinga inaloza kunyanja, koma chuma chimene inkalonda chinkachokera kumtunda kuno. Poyamba anali golide wa m'dziko la Mwenemutapa. Pambuyo pake inali minyanga ya njovu, imene Amaravi, makolo a Achewa ndi Amang'anja, ankasinthanitsa ndi nsalu za ku India ndi mikanda. M'zaka za m'ma 1700 Ayao ndiwo anatchuka posenza minyanga kupita nayo kugombe, ndipo yambiri ankaigula kwa Abisa, amene ankaibweretsa kuchokera kuchigwa cha Luangwa ndi kwa Mwata Kazembe. Apwitikizi nawonso anakwera ndi Zambezi nakhazika msika pa Zumbo, tsidya lina la Feira. Choncho njovu yophedwa m'dziko limene lero tikulitcha Zambia, mnyanga wake unkatha kukakwera chombo pansi pa makoma a São Sebastião.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 katunduyo anasintha. Eni minda ya nzimbe pa zilumba za Mauritius ndi Réunion, kenakanso a ku Brazil, anafuna antchito osalipidwa, ndipo njira zija za minyanga zinayamba kutsitsa anthu ali m'magoli. Tengani chitsanzo chimodzi. Mu December 1794 chombo chotchedwa São José chinanyamuka pachilumbapo ndi akapolo oposa 500, ulendo wa ku Brazil. Pa 27 December chinasweka pamiyala pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 anamira, ndipo opulumukawo anagulitsidwa komweko ku Cape. Mabuku a amalonda anasunga dzina la chombo ndi chiwerengero cha anthuwo; maina ao ndi midzi yao sanailembe.

Mu 1898 likulu la boma la Apwitikizi linasamukira ku Lourenço Marques, amene tsopano ndi Maputo, ndipo chilumba chija chinayamba kuzilala. Mozambique analandira ufulu mu 1975, ndipo mu 1991 bungwe la UNESCO linaika chilumbacho m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Akatswiri atayamba kukonzanso lingali mu 2008, ina mwa ntchito zao inali kutseka ming'alu ya m'madenga ndi kukonza ngalande zija za madzi a mvula.