Oilo wa m'giyabokosi ya otomatiki: tisadikire kuti apse

Nyengo yokolola ikafika, pikapu ya pa famu, imene ambiri timaicha vaneti, siipuma. M'mawa yanyamula cimanga kupita ku depoti ya FRA, masana yabwerako ndi simenti, usiku yathamangira ku cipatala ndi wodwala. Ena mwa inu, ophunzira athu akale, munagula pikapu za otomatiki. Oilo wa injini mumamukumbukira, koma wa m'giyabokosi amaiwalika kufikira tsiku limene galimoto ikana kusuntha pamene injini ikulira bwinobwino. Tsikulo ndi lowawa, pakuti kukonza giyabokosi yotere kungadye phindu la munda wonse, ndipo amakaniko oidziwa bwino sapezeka paliponse.

Nchito ya oiloyu

Oiloyu, amene pa cigubu amalembedwa kuti ATF, sangofewetsa zitsulo cabe. Ndiye amanyamula mphamvu ya injini kupita ku magiya kupyolera m'cipangizo cochedwa torque converter. Ndiye amakankha makilachi a m'kati kuti giya isinthe. Ndiyenso amacotsa kutentha m'giyabokosi n'kukazizira ku radiyeta.

Mdani wake wamkulu ndi kutentha. Pikapu zambiri zinapangidwa kuti zizinyamula pafupifupi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50, kuwerengera ndi anthu omwe akwera. Tikaika matumba 30 n'kukwera nawo zitunda za Manenekela m'dzuwa la Okutobala, oilo amatentha mopitirira muyeso, amada, nataya mphamvu. Makilachi amayamba kuterereka, ndipo kutererekako kumawonjezera kutentha. Motero vuto limadzikulitsa lokha.

Kuona ngati akali bwino

Ngati galimoto yanu ili ndi dipisitiki ya giyabokosi, iyendetseni kaye kuti itenthe, ndipo muiimike pamalo osapendekeka. Injini ikulira, pondani buleki, pititsani ndodo ya magiya pa zilembo zonse, n'kuibwezera pa P. Solorani dipisitiki, ipukuteni ndi nsalu yoyera, ibwezereni, isololeninso. Oilo afike pa mzere wolembedwa HOT.

Kenaka yang'anani mtundu wake ndi kumununkhiza. Wabwino amakhala wofiira ndi woonekera. Woderako wakalamba, asinthidwe. Wakuda wonunkha ngati nsima yopserera akunena kuti makilachi ayamba kudyeka. Wotuwira ngati wathiridwa mkaka walowa madzi, mwina powoloka mtsinje m'dzinja kapena cifukwa radiyeta yabooka m'kati. Pamenepo musayendetsenso galimoto kufikira makaniko ataiona. Pikapu zambiri zatsopano zilibe dipisitiki. Oilo wake amayezedwa pa kabauti ka pansi, pa kutentha kumene buku la galimotoyo likuchula, ndipo nchito imeneyo ndi ya makaniko wokhala ndi coyezera.

Kukhetsa ndi kuthira wina

Njira yoyamba ndiyo kumasula bauti ya pa sampu, kukhetsa oilo wakale ndi kuthira watsopano. Yezani amene watuluka, ndipo mubwezere muyeso womwewo musanayambe kuona pa dipisitiki. Wocepa amacititsa giya kuterereka. Woculuka amacita thovu. Ngati sampu yacotsedwa, sefa isinthidwe kapena kutsukidwa, maginito apukutidwe, gasiketi ikhale yatsopano, ndipo mabauti amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono. Phala lotuwa losalala pa maginito si lodetsa nkhawa, koma tizidutswa ta citsulo ndi cenjezo. Fumbi lisalowe ngakhale pang'ono, ndipo munthu asagone kunsi kwa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha.

Koma njirayi simacotsa oilo yense, pakuti wambiri amatsala m'torque converter ndi m'mapaipi. Tiyerekeze kuti giyabokosi imalowa malita 9, ndipo pokhetsa patuluka 3. Ulendo woyamba, wakale atsala malita 6. Tikayenda masiku angapo kuti asakanikirane n'kukhetsanso, atsala 4. Ulendo wacitatu atsala osakwana 3. Ndiye cifukwa cake timalangiza kubwereza kawiri kapena katatu ngati oilo anali atada.

Nanga kufulasha?

Kufulasha ndiko kulumikiza makina ku mapaipi opita ku radiyeta, kuti oilo wakale azituluka pamene watsopano akulowa. Pafupifupi yense amasinthika tsiku limodzi, ngakhale kuti malita ofunika amakhala ambiri. Kwa galimoto imene yakhala ikusamalidwa, njirayi ndi yabwino.

Kwa galimoto imene yayenda zaka zambiri osasinthidwa oilo, timati cenjerani. Litsiro limene linakhazikika lingatakasike n'kukatseka timipata ting'onoting'ono timene oilo amadutsamo. Komanso makilachi odyeka nthawi zina amakhala akugwira mothandizidwa ndi fumbi lawo lomwe lili m'oilo wakaleyo. Fumbilo likacoka lonse, giya imaterereka, ndipo mwini galimoto amaimba mlandu oilo watsopano, pamene nthendayo inayamba kale. Galimoto yotere ikhetsedwe pang'onopang'ono, popanda mankhwala otsukira. Ngati giya yayamba kale kucedwa kulowa kapena kugunda posintha, oilo watsopano sangaicize; ipite kwa makaniko.

Mtundu woyenera, nthawi yoyenera

Si oilo aliyense wofiira amene ali woyenera. Toyota Hilux zatsopano zimafuna wochedwa WS, zakale zina zimafuna T-IV kapena Dexron, ndipo Ford Ranger ya magiya 6 imafuna Mercon LV. Werengani buku la galimoto kapena zolembedwa pa dipisitiki. Oilo wa injini, wa difu kapena wa CVT asalowemo. Gulani cigubu cosatsegula, osati wa m'botolo lopanda dzina, ngakhale atachipa motani.

Buku limachulanso makilomita osinthira, ndipo kawirikawiri limapereka nthawi yofupikirapo kwa galimoto yogwira nchito yolemetsa. Pikapu ya pa famu, yoyenda m'fumbi, mumcenga ndi m'matope, ili m'gulu limenelo. Lembani tsiku ndi makilomita m'kabuku komwe mumalembamo za mbewu ndi feteleza.

Oilo wakale musamutaye pansi, makamaka pafupi ndi citsime kapena dimba, pakuti amaononga nthaka ndi madzi akumwa. Musungeni m'cigubu cotseka, kutali ndi ana ndi ziweto, n'kukamusiya ku galaji.

Galimoto, monga ng'ombe yolima, ndi cuma cimene tapatsidwa kuti ticisamalire. Tsono tisanayambe kututa zokolola za caka cino, tiyeni tisolole dipisitiki, tione mtundu wa oilo, timununkhize. Ngati wada, tigulitse matumba angapo tigule watsopano, ndipo katundu wolemera timugawe maulendo awiri.