Timchenga ta M'chipatso ndi Dokotala Amene Anatiika Papepala

Mukaluma gwafa wosapsetsa, mumamva timchenga tikulira m'mano. Ena amaganiza kuti chipatsocho chinagwera pansi, koma ayi ndithu. Timchengato timamera momwemo, ndipo mmodzi wa anthu oyamba kutifotokoza anali dokotala wa ku England, Nehemiah Grew, zaka zoposa 340 zapitazo.

Iye sanatipeze m'gwafa. Anatiwona m'chipatso cha kwawo chotchedwa pear, chomwe musachisokoneze ndi mapeyala athu amafuta aja. Ankatenga mpeni wakuthwa, n'kucheka chipatsocho mopyapyala ngati khoko la anyezi, kenako n'kuchiika pa maikulosikopu. Pafupi ndi njere anapeza timfundo tolimba tambirimbiri titaunjikana ngati timiyala. Lero tikudziwa kuti ndi maselo amene makoma ake anakhuthala ndi lignin, chinthu chomwe chija chimalimbitsa mtengo mpaka kuthyola nkhwangwa. Gwafa wathu alinso ndi maselo otere.

Mnofu wofewa wa zomera nawo unamudabwitsa. Anaona kuti ndi timatumba tothinana, ndipo posowa chofanizira anati tikuoneka ngati thovu la mowa. Aliyense amene anayang'anapo pamwamba pa mtsuko wa masese akumva zimene ankanena.

Koma vuto linali apa: uwonetsa bwanji anzako zimene diso lako lokha laona? Kamera kunalibe, inadzabwera patapita zaka pafupifupi 150. Magalasi a nthawiyo analinso osalongosoka, ankachititsa chimbuuzi ndi timitundu m'mphepete mwa chinthucho. Ndiye munthu ankasuzumira, n'kujambula pang'ono, n'kusuzumiranso, tsiku lonse. Akatha, chithunzicho chinkapita kwa mmisiri wozokota. Iye ankatenga chitsulo chosongoka n'kumakanda timizere pa chimbale cha mkuwa, umodziumodzi, ndipo ankazokota chotembenuza kuti papepala chidzatuluke bwino. Ankapaka inki, n'kupukuta pamwamba kuti inkiyo itsale m'timizere mokha, kenako n'kupanikiza pepala lonyowa pang'ono. Pofuna mthunzi ankathinanitsa timizereto. Dzanja likangoterereka, ndiye kuti selo labodza lalowa m'buku.

Ine ntchito imeneyi imandigwira mtima. Munthu amene akujambula sangathamange. Amakakamizika kuwerenga timinyewa tonse tochokera pa phesi kukafika ku njere, ndipo m'kuwerengamo ndi mmene amatulukira zimene wongoyang'ana amaziphonya.

Buku lalikulu la Grew, The Anatomy of Plants, linatuluka ku London mu 1682 lili ndi zithunzi zozokota zoposa 80 za mizu, makungwa, masamba, maluwa, zipatso ndi njere. Sanali yekha pa ntchitoyi. Robert Hooke anali atatulutsa Micrographia mu 1665, momwe anajambula nkhungu ndi timabowo ta khungwa la cork n'kutipatsa dzina lakuti maselo. Ku Italy, Marcello Malpighi wa ku Bologna ankachekanso zomera, ndipo bungwe la Royal Society linasindikiza gawo loyamba la buku lake mu 1675.

Aphunzitsi a sayansi, musadikire kuti sukulu igule kaye zipangizo zodula. Galasi lokulitsira la m'manja likukwana poyambira. Dulani ndimu pakati, ana aone timatumba ta madzi tija, apatseni pensulo ajambule zimene aona okha, osati zimene zili m'buku.