Chipere Chotola ndi Manja

Ku Turkey kuli chakudya chimene amayi amakonda kulandirira alendo, dzina lake mercimek köftesi. Ndi timibulu totalika ngati chala chachikulu, topangidwa ndi mphodza zofiira ndi tirigu wosinja. Mulibe nyama, mulibe dzira, ndipo satikazinga m'mafuta. Amatiyala pa masamba a letesi, kufinyira ndimu, aliyense n'kumatola ndi manja.

Mayi wa ku Ntcheu atamva kakonzedwe kake akhoza kuseka, chifukwa theka la ntchitoyi akulidziwa kale. Mphodza zofiirazo n'zochotsa makoko, n'chifukwa chake zimapsa pa mphindi 20 zokha n'kusanduka phala. Kwathu kuno timati chipere. Mphodza zoterezi zimapezeka m'masitolo ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre, koma palibe chifukwa cholipirira minibasi pamene nandolo kapena khobwe ali m'thumba kuseri kwa chitseko. Kazingani pang'ono, perani, petani makoko achoke, monga ankachitira agogo. Zidzatenga nthawi yotalikirapo pamoto kuposa mphodza zofiira, basi.

Theka linalo ndi tirigu amene iwo amati bulgur. Dzinali lisakuopseni. Ndi tirigu wamba wowiritsa mpaka kufewa, woyanika padzuwa mpaka kuuma gwa, kenako wosinja mu mtondo kuti akhale timisere ting'onoting'ono ngati mitama. Popeza anapsa kale, safunanso moto; amangomwa madzi otentha n'kufufuma. Anthu a ku Tsangano, kumene tirigu amalimidwa chifukwa cha kuzizira, ali ndi mwayi pamenepa. Amene alibe tirigu atha kugwiritsa ntchito nyenyeswa za buledi wabulawuni wouma, ngakhale kuti timibuluto sitilimba chimodzimodzi.

Phikani kapu imodzi ya nandolo wopera m'makapu atatu a madzi, n'kumawonjezera madzi akaphwera, kufikira asanduke phala lamadzimadzi pang'ono. Phulani, thiranimo kapu imodzi ya tirigu uja ndi mchere, takasani, vundikirani kwa mphindi 30. Podikira, kazingani anyezi mmodzi wamkulu m'masupuni atatu a mafuta, onjezani matimati anayi akupsa bwino, ndipo aphike mpaka madzi onse athe. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: matimati akatsala ndi msuzi, timibulu timaphwasuka m'manja. Sakanizani zonse, dulirani masamba a anyezi, finyirani ndimu imodzi, ndipo kandani ndi manja osamba bwino. Tapani pang'ono, fumbatani mopepuka kuti zala zisiye mizere yake. Ku Turkey amathiramo cumin ndi tsabola wofiira. Ife amene timapewa zowawa kwambiri tingasiye tsabolayo, adyo pang'ono akwanira.

Anyezi ndi matimati sizosowa kwa munthu wodutsa pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off. Letesi akasowa, tsamba lanthete la kabichi ligwira ntchito yomweyo.

Ndimu musaisiye. Nandolo ndi khobwe zili ndi ayironi, koma thupi silitenga ayironi wa m'zomera mosavuta ngati wa m'nyama. Vitamini C wa mu ndimu ndi matimati amathandiza kuti alowe m'magazi, ndipo zimenezi n'zofunika kwa amayi oyembekezera ndi atsikana a m'mabanja amene anasiya nyama. Mbewu za mtundu wa nyemba zikaphatikizana ndi tirigu, mapuloteni ake amakwanirana. Mwana amene amakankha mbale ya chipere nthawi zambiri amalandira kambulu, chifukwa akudzitolera yekha.

Popeza timadyedwa tozizira, ena aganiza kale za nkhomaliro ya pa Sabata, ya pansi pa mtengo mapemphero a m'mawa akatha. Ngati muli ndi firiji, konzani Lachisanu, sungani movundikira, ndipo mutulutse ponyamuka. Tikhala bwino masiku awiri. Koma chipere sichichedwa kusasa, makamaka chogwiridwa ndi manja. M'nyumba yopanda firiji, kaya ndi ku Mlangeni kozizira kaya ku Bwanje kotentha, musachigoneke. Konzani Lachisanu masana, ndipo banja lidye madzulo omwewo mukatha kutsegulira Sabata.