Ku Sangilo mdani wa lero savala yunifolomu

Ukaima pagombe la Sangilo kunja kukayera, mapiri a ku Tanzania amaoneka tsidya lina la nyanja. Chapafupi pali doko la Chilumba komanso kambi ya asilikali a Malawi Defence Force (MDF). Boma la Karonga nkhondo limaidziwa: pa 9 September 1914 asilikali a Germany analimbana ndi a Britain pa Karonga, ndipo manda a ena mwa omwe anafa alipobe.

Zimenezo nzakale. Lero olowa m'dziko mozemba sabwera akuguba. Ozembetsa anthu ochokera ku Ethiopia pa ulendo wa ku South Africa amadzera njira zachidule, ena pamaboti usiku. Mu October 2022 apolisi anafukula mitembo pafupifupi 30 ya anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Anadutsa bwanji mtunda wonsewo osaonedwa?

Nyanjayonso ili pamkangano. Malawi imati pangano la 1890 linaika malire pagombe la Tanzania, pomwe Tanzania imati ali pakati pa madzi. Nkhaniyi inabuka mwamphamvu mu 2012 kaamba kofufuza mafuta, ndipo mkhalapakati Joaquim Chissano sanaithetse. Msodzi wa usipa wa ku Sangilo ndiye amayalira makoka m'madzi amenewo usiku ndi usiku.

MDF yayamba kusintha, tisanamizane. Lamulo la 2023 linapatsa asilikali a pamadzi ndi a mumlengalenga nthambi zawozawo. Ku DR Congo, komwe asilikali athu akhala akulimbana ndi zigawenga kuyambira 2013, aphunzira nkhondo ya m'tchire pamtengo wowawa: atatu anaphedwa pankhondo ndi M23 mu January 2025.

Koma lamulo palokha siligula boti kapena mafuta. Likulu la asilikali a pamadzi lili ku Monkey Bay, kutali zedi ndi Karonga. Pa namondwe wa Freddy mu March 2023, asilikali athu anakumba matope ku Blantyre kusaka anthu, koma kuti afike kumadera omwe misewu inaduka, mpaka tinalandira ma helikopita a mayiko oyandikana nawo. Ena anachokera ku Tanzania konko, komwe tikulimbirana nako nyanja.

Aphungu akamakambirana bajeti ya MDF, wina aimirire n'kufunsa: bwato lachilendo likaoneka pa Sangilo 2 koloko usiku, boti la asilikali lifika pakatha mphindi zingati?