Chotupa chosatentha chikhoza kukhala TB

M'midzi ya ku Kasenengwa, ku Zambia, palibe amene sachidziwa chithupsa. Chimatentha, chimawawa mpaka tulo kusowa, ndipo chikapsa chimaphulika, mafinya n'kutuluka, bala n'kupola. Koma pali chotupa china chimene chimabwera mwakachetechete. Chimakula pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi, pakhosi, panthiti, kumsana kapena m'mphechepeche. Ukachigwira n'chofewa, sichitentha, ndipo sichiwawa kwenikweni. Chimodzi mwa zoyambitsa chotupa chotere ndi TB.

Ambiri tikamva za TB timaganiza za munthu wotsokomola, woonda, wolavula magazi. N'zoona kuti kachilombo kake, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882, kamalowa ndi mpweya n'kukhazikika m'mapapo. Koma kamathanso kuyenda ndi magazi n'kukamanga msasa mu anabere, m'mafupa ngakhale mumnofu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti pafupifupi odwala 16 mwa 100 alionse amene amapezeka ndi TB amakhala nayo kunja kwa mapapo. Munthu wotere akhoza osatsokomola konse, makhololo ake n'kuoneka abwinobwino, chikhalirecho thupi likutha.

Imodzi mwa zoopsa kwambiri ndi TB ya kumsana, imene dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaifotokoza mu 1779. Kachilomboka kamadya mafupa a msana, ndipo mafinya amatsetsereka motsatira mnofu wa m'chiuno mpaka kukatumphukira pamwamba pa ntchafu. Wodwala amaloza chotupa cha m'mphechepeche, pomwe gwero lake lili kumsana. Amayamba kutsimphina, kuwerama kumamuvuta. Akachedwa, msana umapindika n'kutuluka linunda, mwinanso miyendo kufa.

Kuchedwako n'kumene kumapweteka anthu. Kasenengwa, imene inakhala boma palokha mu 2018 itapatuka ku Chipata, ndi dera la alimi. Chinthu chosawawa sichingamuchotse munthu m'munda wa chimanga kapena wa mtedza mvula ili pamutu. Wina amagula makapisozi pakantemba, wina amapita kwa sing'anga kukatemera mphini, winanso amangochiboola ndi singano kunyumba. Chimene chimatuluka ndi mafinya amadzimadzi okhala ndi timibulu tonga chambiko. Balalo silitseka. Limangochucha, kupola pang'ono, n'kutsekukanso, chifukwa mankhwala wamba a zilonda sakapha kachilombo ka TB.

Dziko la Zambia lili m'gulu la mayiko 30 amene TB yawavutitsa kwambiri. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2013 mpaka 2014 anapeza kuti anthu 638 mwa 100,000 alionse a zaka 15 kupita m'mwamba anali ndi TB ya m'mapapo. Kumene TB ya m'mapapo yachuluka chonchi, ya anabere ndi ya mafupa siisowa, makamaka mwa ana ndi mwa anthu amene ali ndi HIV.

Kuyeza kwake kulipo. Dokotala amakoka mafinya ndi jakisoni n'kuwatumiza ku labu. Makina a GeneXpert, monga amene ali pa Chipata Central Hospital, amaonetsa pa maola awiri okha ngati muli TB, komanso ngati ndi yosamva mankhwala a rifampicin. Akakayikira msana amajambula X-ray, ndipo wodwala amapemphedwa kuyezetsanso HIV. Wa kumudzi ayambire pakiliniki yapafupi, kumene adzamupatsa kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu.

Mankhwala ndi aulere m'zipatala za boma. Wodwala amamwa mitundu inayi kwa miyezi 2, kenako mitundu iwiri kwa miyezi 4. TB ya mafupa ndi ya msana imatenga nthawi yaitali, mpaka miyezi 12. Mkodzo ukafiira musachite mantha, ndi mmene rifampicin, mmodzi mwa mankhwalawa, amachitira. Nthawi zina chotupa chimayamba chakula kaye mankhwala atayambidwa. Pamenepo bwererani kukiliniki, osasiya kumwa, chifukwa kulekeza panjira n'kumene kumabala TB yosamva mankhwala.

Abale nawo ali ndi mbali yawo. TB siyenda m'mbale kapena m'kapu, choncho palibe chifukwa chomupatula wodwala pa nsima. Chofunika n'chakuti apabanja onse akayezetse, popeza amene anabweretsa matendawa angakhale akutsokomola m'nyumba momwemo. Ndipo poti ku Kasenengwa ndi madera oyandikana nako ng'ombe ndi chuma, tikumbukire kuti nazonso zimadwala TB yakeyake, imene imalowa mwa munthu kudzera mumkaka wosawiritsa n'kutupitsa anabere a pakhosi. Mkaka uziwira kaye ana asanamwe.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati inu kapena mwana wanu muli ndi chotupa chimene chatha milungu osapola, makamaka ngati mukuonda kapena kutuluka thukuta usiku, musachiboole. Pitani kukiliniki ndipo mufunse kuti mafinyawo ayezedwe TB.